Kodi sikopu yodula imapiriradi nkhanza za m'tchire?

Mlenje wina watilembera motere za sikopu, chipangizo cha magalasi chokuza chithunzi chimene chimamangidwa pamwamba pa mfuti kuti chithandize kulozera: "Ndakhala ndikusaka nyama ndi chilolezo kwa zaka zingapo, ndipo chaka chatha ndinadzimana zambiri kuti ndigule sikopu yapamwamba, imene ndinaimanga pa mfuti yanga ya .300 Winchester Magnum. Pogula ndinauzidwa kuti masikopu a mtundu umenewu sawonongeka ngakhale atagwa kapena kumira m'madzi. Mwezi watha ndinatsamiritsa mfuti pa galimoto, ndiye inaterereka n'kugwera pa nthaka youma. Kunja sikukuoneka chilema china kupatula kukalika pang'ono, koma nditakayesa pa mtunda wa mamita 100 zipolopolo zikugwera kumanzere ndi masentimita pafupifupi 10. Kodi ndinapusitsidwa? Masikopu odulawa ndi olimbadi, kapena timangolipira dzina? Ndiitaye n'kufuna ina?"

Bambo, mtima ukhale m'malo, ndipo musafulumire kuitaya sikopuyo. Pa zaka zimene ndakhala ndikumanga masikopu pa mfuti ndi kufufuza chimene chachititsa kuti mfuti isiye kulasa pamene mwini wake walozetsa, ndaona kuti nthawi zambiri cholakwa chimapezeka pa zitsulo zimene zagwira sikopu, kapena pa mfuti yeniyeniyo, osati m'kati mwa sikopu. Sindikunena kuti yanuyo ilibe vuto, chifukwa sindinaigwire m'manja, koma zimene mwafotokozazi sizikukwanira kuti tiiweruze. Munachitanso bwino kwambiri kukayesa pa chandamale musanabwerere kutchire. Kuphonya kwa masentimita 10 pa mamita 100 kumakula kufika masentimita 30 pa mamita 300, ndipo pamenepo chipolopolo chimene chikanapha nyama mwachangu chimangoivulaza m'mimba kapena pa mwendo, iyo n'kuthawa kukafera kutali ndi ululu. Kwa ine nkhani ya kulimba kwa sikopu imayambira pamenepa.

Anthu akamanena kuti sikopu ndi yolimba amasakaniza zinthu zosiyana. Wina amatanthauza kuti chitsulo chake sichiphwanyika, wina kuti madzi salowa, winanso kuti galasi silisweka. Zonsezi n'zofunika, koma kulimba kumene mlenje amafuna kwenikweni n'kwakuti mtanda wolozera wa m'kati mwa sikopu ukhale pomwe anausiya tsiku limene anatchera ziro (kugwirizanitsa mtandawo ndi pomwe chipolopolo chimagwera), ndipo akapotoza zopotera za pamwamba ndi pambali, mtandawo uyende mtunda womwe walembedwa, kenaka ubwerere pamalo pake akaubweza. Sikopu ikhoza kugwa, kukhala yosakalika konse, kuona bwinobwino, koma ziro itasuntha. Ina ikhoza kukalika moipa, utoto n'kuchoka, koma ziro ili pomwepo. Yachiwiriyi ndiyo yolimba.

Kuti mumvetse chifukwa chake ziro imasuntha msanga, taganizirani kuchepa kwa miyeso imene tikuikamba. Ngati mphete ziwiri zogwira sikopu zatalikirana masentimita 10, ndipo mphete imodzi yasunthira pambali ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, komwe kuli ngati kuchindikala kwa pepala limodzi lolembapo, chipolopolo chimasuntha masentimita 10 pa mamita 100. Uwu ndi muyeso womwewo umene mwauona pa chandamale chanu. Diso silingaone kusuntha kotere, dzanja silingakumve pogwedeza sikopu, komabe pa chandamale kumaonekera poyera. N'chifukwa chake sindidabwa mfuti ikagwa n'kusintha kalasidwe, ngakhale pamwamba pake pali sikopu yabwino kopambana.

M'kati mwa chubu chimene mumachiona kunja muli kachubu kena kakang'ono konyamula magalasi amene amatembenuza chithunzi kuti chiime choongoka ndi kuchikuza. Kachubu kameneka sikanamangidwe zolimba mbali zonse, chifukwa kayenera kuyenda. Mbali imodzi kamakhala pa cholumikizira chololera kupendama, mbali inayo kamakankhidwa ndi masikuluwu a zopotera ziwiri zija, ndipo sipuling'i imakakanikiza kuchokera mbali yoyang'anana nazo kuti kasachoke pa nsonga za masikuluwuwo. Kiliki iliyonse imene mumaimva popotoza imasuntha kachubuko pang'ono kwambiri: pa masikopu oyeza m'ma mil kiliki imodzi kawirikawiri ndi sentimita imodzi pa mamita 100, pamene pa oyeza kota ya MOA (mil ndi MOA ndi miyeso ya ngodya) ndi mamilimita pafupifupi 7. Choncho chinthu chofunika koposa m'sikopu chimangodalira mphamvu ya sipuling'i ndi kusalala kwa malo okhudzana. Sipuling'i ikakhala yofooka, kapena mafuta akauma, kapena nsonga ya sikuluwu ikaperepeseka, kachubuko kamadumpha pamene mfuti yagwa kapena yalira, n'kukatera penapake posiyana ndi pomwe kanali.

Ndalama zimene mumalipira pa sikopu yapamwamba zimapita kwambiri pa zinthu zosaonekazi. Chubu chakunja chimasemedwa kuchokera ku chipika chimodzi cha aluminiyamu, kawirikawiri wa mtundu wa 6061-T6, m'malo molumikiza zidutswa zingapo zimene zingalekane pa mfundo. Mtanda umalembedwa pa galasi, pamene masikopu akale ndi ena otchipa amagwiritsa ntchito tiwaya topyapyala timene timatha kuduka. Magalasi amatsekeredwa ndi mphete zomangidwa bwino ndi zomatira kuti asagwedezeke m'malo mwawo, zitsulo za m'zopotera zimasankhidwa zosaperepeseka msanga, ndipo masipuling'i amakhala amphamvu. Pamwamba pa zimenezi pali nthawi imene amisiri amathera poyesa sikopu isanachoke ku fakitale. Ndiwonjezere kuti chubu chachikulu, cha mamilimita 30 kapena 34 poyerekeza ndi cha inchi imodzi, sichitanthauza kulimba pachokha. Ubwino wake waukulu ndi malo okwanira oti kachubu ka m'kati kayendemo, zimene zimathandiza owombera patali. Kulimba kumadalira kwambiri kuchindikala kwa khoma la chubucho.

Pa nkhani ya madzi ndi chinyezi, masikopu amasiku ano afika patali zedi. Kale galasi linkachita nkhungu m'kati nyengo ikasintha, ndipo kampani ya Leupold ya ku Oregon m'dziko la America inali m'gulu la oyamba kuthana ndi vutoli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pochotsa mpweya wamba m'sikopu n'kuikamo nayitrojeni wouma. Lero pafupifupi onse amachita zimenezi, ena ndi nayitrojeni, ena ndi agoni, n'kutseka mipata ndi timphira tozungulira. Mukaona chizindikiro cha IPX7, tanthauzo lake n'lakuti chipangizocho chayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Nkhungu yochita kunja kwa galasi, mukatuluka m'malo ozizira kupita kotentha kapena mukapumirapo, si chilema ndipo imapukutika. Nkhungu ya m'kati ndiyo imasonyeza kuti kamphira kena kasiya kugwira.

Chimene ogulitsa ambiri safotokoza n'chakuti kukankha kwa mfuti ndi kugwa pansi ndi mayeso awiri osiyana kotheratu. Mfuti ikalira, mphamvu imayenda motsatira utali wa sikopu, ndipo opanga amaidziwa bwino njira imeneyi, moti amamanga chilichonse kuti chiipirire. Leupold, mwachitsanzo, ili ndi makina otchedwa Punisher amene imati amamenya mtundu uliwonse wa sikopu maulendo 5,000 ndi mphamvu yoposa katatu kukankha kwa mfuti ya .308. Mayeso otere ndi enieni ndipo ndimawalemekeza. Koma mfuti ikaterereka pa galimoto, imagwera cham'mbali, ndipo kulemera konse kwa mfutiyo kumathera pa chopotera cha pambali kapena pa mlomo wa galasi lakutsogolo. Mphamvu imeneyi imalowa mopingasa, kumene kachubu ka m'kati kakungogwiridwa ndi sipuling'i, ndiponso imakankha mphete ndi chitsulo chapansi, chimene chimalumikiza mphetezo ku mfuti, kumbali imene masikuluwu ake ang'onoang'ono sapirira kwambiri. Sikopu ingathe kupirira zipolopolo zikwi zambiri za .300 Winchester Magnum popanda kusuntha, koma n'kusuntha pa kugwa kumodzi kuchokera m'chiuno. Poti zipolopolo zanu zapita kumbali, osati m'mwamba kapena pansi, ndikuganiza kwambiri kuti kugwa kuja kunakankha mphete kapena chitsulo chapansi.

Mtundu wa kukankha nawonso uli ndi gawo lake. Ambiri amadabwa kumva kuti mfuti za mpweya zoyendera sipuling'i zimawononga masikopu amene amapirira mfuti zikuluzikulu zosakira nyama zoopsa. Chifukwa chake n'chakuti mfuti zimenezi zimakankha kumbuyo kenaka kutsogolo mwadzidzidzi, ndipo sikopu yosamangidwira mbali zonse ziwiri imamasuka magalasi. Kulemera kwa sikopu kumawonjezeranso ntchito pa mphete. Sikopu yowombera patali ya 5-25x56 (yokuza ka 5 mpaka ka 25, ya galasi lakutsogolo la mamilimita 56) imalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirirapo, pamene ya ulenje wamba ya 3-9x40 sifika theka la kilogalamu. Mfuti ikabwerera m'mbuyo, sikopu yolemera imafuna kutsala pomwe inali, ndiye imaterereka chakutsogolo m'mphete ngati mphetezo zili zofooka. Sikopu yolimba kwambiri, poti nthawi zambiri ndi yolemeranso, ndi imene imafuna mphete zabwino koposa.

Mwafunsa ngati timangolipira dzina. Yankho langa n'lakuti ayi, koma dzina lokha silikuuzani chimene mwagula. Pali masikopu amene mbiri yawo ya kulimba inatsimikizika pa ntchito ya usilikali. Schmidt & Bender 5-25x56 PM II ya ku Germany ndi imene asilikali a Britain anaika pa mfuti yawo ya L115A3 ya .338 Lapua Magnum, ndipo mu 2011 magulu apadera a asilikali a America anaisankhanso. Nightforce ya ku Idaho imadziwika chifukwa cha machubu ochindikala ndi kuyesa kwaukali. Komabe mbiri yotere ndi ya mtundu umodzi wa sikopu umene unayesedwa, ndipo siingogwera zonse zimene kampaniyo imapanga. Kumbali ina, makampani monga Swarovski ndi Kahles a ku Austria kapena Zeiss ya ku Germany atchuka kwa alenje makamaka chifukwa cha magalasi owala bwino m'bandakucha ndi madzulo kuli chisisira. Sikopu yopangidwira mlenje wokwera mapiri imapeputsidwa dala, ndipo kupepukako kumachokera pa chitsulo chimene chachotsedwa penapake. Kuwala kwa galasi ndi kupirira nkhanza ndi mikhalidwe iwiri yosiyana. Mtengo wokwera ukhoza kugula umodzi, unzake, kapena yonse iwiri, ndipo wogula ayenera kudziwa kuti akufuna uti.

Ndimakonda kukumbutsa anthu kuti kwa zaka zambiri asilikali owombera patali a ku America ankadalira masikopu okuza ka 10 basi, osasinthika: Unertl pa mfuti ya M40A1, ndi Leupold pa mfuti ya M24 imene inayamba ntchito mu 1988. Masikopu otere ali ndi ziwalo zochepa zoyenda, choncho muli zochepa zoti n'kumasuka. Sikopu yamakono yokuza kuyambira ka 3 mpaka ka 24, yokhala ndi nyale ya mtanda, chopotera cha parallax (chothetsa kuyendayenda kwa mtanda pa chandamale diso likasuntha) ndi choimitsa chopotera pa ziro, imachita zodabwitsa, koma chilichonse chowonjezera ndi mpata wina woboola pa chubu ndi kamphira kena koti kagwire. Opanga abwino amatha kumanga zonsezi molimba, ndipo ndiko kumapita ndalama zambiri, koma n'kulakwa kuganiza kuti sikopu ya zinthu zambiri ndiye kuti ndi yolimba koposa.

Tsopano pa mfuti yanu. Yambani mwachotsa zipolopolo zonse ndi kutsimikiza kawiri kuti mulibe kanthu. Yang'anani chubu pafupi ndi mphete kuti muone ngati pali mizere yonyezimira yosonyeza kuti chinaterereka, ndipo onani ngati mtanda ukadali woongoka kapena wapendama. Kenaka chotsani sikopu kuti mufike pa masikuluwu a chitsulo chapansi, amene ambiri amawaiwala chifukwa amabisika pansi pa mphete, ndipo pamenepa ndi pamene ndapezapo vuto kambirimbiri. Yesaninso masikuluwu omanga chitsulo cha mfuti ku thabwa lake, ndipo lowetsani pepala pakati pa mpope ndi thabwa ngati mfuti yanu ndi ya mpope wosakhudza thabwa, kuti muone ngati kugwa kuja sikunaupanikize mbali imodzi. Yang'ananinso kukamwa kwa mpope, poti chilema chaching'ono pamenepo chimapatutsa chipolopolo.

Pomanganso, gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira, osati kungomva ndi dzanja. Opanga ambiri amapereka muyeso wa pakati pa ma inch-pound 15 ndi 25 pa masikuluwu a pamwamba pa mphete, womwe ndi pafupifupi ma newton-mita 1.7 mpaka 2.8, koma tsatirani zimene wopanga sikopu yanu ndi wopanga mphete alemba, ndipo zikasiyana tengani muyeso wocheperawo. Ndikutsindika zimenezi chifukwa kumanga mopitirira muyeso kumawononga masikopu ambiri. Tsiku lina munthu anandibweretsera sikopu yatsopano yodula ali wokhumudwa kwambiri, akunena kuti chosinthira kukuza chikuuma ndipo makiliki sakutsatira. Nditamasula mphete ndinapeza kuti anazimanga ndi mphamvu zake zonse poopa kuti sikopu ingaterereke, ndipo chubu chinali chitapanikiza ziwalo za m'kati. Mwamwayi sichinapindike kotheratu, ndipo titamanga pa muyeso woyenera zonse zinabwerera m'malo. Mankhwala omatira masikuluwu ndi abwino pa chitsulo chapansi, koma pa masikuluwu a mphete samalani nawo, chifukwa akadali amadzimadzi amaterereketsa sikuluwu ngati mafuta, moti mumapanikiza chubu kuposa mmene sipanala ikusonyezera.

Mukatha zimenezi, tcherani ziro mwatsopano pa mamita 100, mfuti ili pa chotsamira chokhazikika, ndi zipolopolo za mtundu umodzi zochokera m'bokosi limodzi. Wombani zisanu, osati ziwiri kapena zitatu, ndipo lolani mpope uzizire. Konzani parallax mpaka mtanda usiye kuyendayenda pa chandamale mukagwedeza mutu pang'ono, chifukwa ambiri amene amati ziro ikusuntha amakhala akungoika diso malo osiyanasiyana. Ziro ikakhazikika, yesani zopotera: mukulozetsa pa kadontho kamodzi komweko nthawi zonse, kwezani makiliki 20 n'kuwomba, pitani kumanja makiliki 20 n'kuwomba, tsitsani 20 n'kuwomba, kenaka bwererani kumanzere 20 n'kuwombanso. Zipolopolo ziyenera kupanga bokosi la mbali zofanana, la masentimita 20 ngati sikopu yanu ndi ya kiliki ya sentimita imodzi, ndipo zomaliza ziyenera kugwera pa zoyamba. Pomaliza, mfuti ili yopanda chipolopolo, menyani sikopu pambali ndi chikhatho kangapo, osati ndi chitsulo, n'kuwombanso zisanu. Ngati gulu la zipolopolo lakhala pomwe linali, ndipo likhalanso pomwepo tsiku lina mutayenda nayo mfutiyo pa galimoto, sikopu yanu ndi yabwino ndipo vuto linali pa zomangira. Ngati mukukayikabe, bwerekani sikopu ina imene mwini wake amaidalira, muimange pa mphete zomwezo. Ikalasa bwino pamene yanu imabalalitsa, ndiye kuti mwalipeza gwero.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka musataye nazo zipolopolo. Nkhungu kapena timadontho m'kati mwa galasi, tizinyalala takuda toyandama pa chithunzi, mtanda wopendama pamene chubu chili choongoka, kulira kwa kanthu komasuka mukagwedeza sikopu, chithunzi chokana kuoneka bwino ngakhale mupotoze parallax, makiliki amene asanduka ofewa kapena osayenda mpaka mutamenya chopotera, ndi gulu la zipolopolo losamuka mukasintha kukuza, zonsezi n'zofunika mmisiri wa kampani yomwe inaipanga. Musayese kuitsegula nokha. Mukatero mpweya wouma uja umatuluka, fumbi limalowa, ndipo chitsimikizo cha wopanga chikhoza kuthera pomwepo. Ngati vuto lili pa mabowo a masikuluwu a mfuti, kapena mphete ziwiri sizikuyang'anana mzere umodzi, pitani kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka.

Makampani ena, monga Vortex ndi Leupold, amalonjeza kukonza kapena kusintha sikopu kwa moyo wake wonse, pamene ena amaika zaka zowerengeka, ndipo mbali ya magetsi nthawi zina imakhala ndi zaka zochepa kuposa zotsalazo. Lonjezo lotere ndi lothandiza, koma musalisokoneze ndi kulimba, chifukwa limagwira ntchito sikopu itawonongeka kale, ulendo wa ulenje utapita. Ngati muyenera kuitumiza kunja kwa dziko, funsani kaye za malamulo, poti mayiko ambiri amaika masikopu a mfuti m'gulu la katundu wofuna zikalata.

Za kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku sindichulutsa. Musanyamule mfuti pogwira sikopu, musaitsamiritsenso pa galimoto kapena pa mtengo, ndipo pa ulendo wa msewu wokumbika ikhale m'chikwama chofewa m'kati, osati pa chitsulo chopanda kanthu, poti kunjenjemera kwa maola ambiri kumamasula masikuluwu pang'onopang'ono. Magalasi azikhala otsekedwa ndi zivindikiro, ndipo popukuta muyambe mwauzira fumbi kapena kulisesa ndi burashi yofewa, chifukwa mchenga wopukutidwa ndi nsalu umakala utoto wopyapyala umene uli pa galasi. Batire ya nyale, imene kawirikawiri ndi CR2032, muzichotsa mukamasunga mfuti kwa miyezi. Ndimalangizanso kuika kadontho ka utoto pa mutu wa sikuluwu iliyonse ndi pa malire a chubu ndi mphete, kuti chilichonse chikasuntha muone ndi maso musanawombe.

Ngati mayeso aja asonyeza kuti vuto lili m'sikopu, sungani mapepala a chandamale, mulembepo tsiku, mtunda, mtundu wa zipolopolo ndi makiliki amene munapotoza pa gulu lililonse. Potumiza kwa wopanga muphatikizepo zithunzi za mapepalawo, mutchule mphete zimene munagwiritsa ntchito ndi muyeso umene munamangira, ndipo munene poyera kuti mfuti inagwa ndi mbali imene inagwera, kuti mmisiri adziwe poyambira kufufuza. Pamene mukudikira yankho lawo, musapite nayo kutchire sikopuyo, ngakhale itaoneka ngati yakhazikika kwa tsiku limodzi.